Kufufuza za demokalase pogwiritsa ntchito ziwerengero: njira yotsatira kwa ophunzira athu a ku Harare

Nyengo yopereka mapepala a kafukufuku ikayandikira, kunyumba kwanga kumabwera ana a abale athu a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose, aliyense laputopu m'chikwama. Ambiri amaphunzira zandale kapena zachitukuko ku University of Zimbabwe ndi m'makoleji ena a mumzinda muno. Dandaulo lawo ndi limodzi: mphunzitsi wawabwezera pepala ati manambala sakugwirizana ndi zimene alemba. Ndikamaona ntchito zawo, masamu sakhala ovuta. Chimene chimawagwetsa n'chakuti amathamangira kuwerengera asanafunse kuti nambalayo inawerenga ndani, nanga inasiya ndani.

Funso limeneli ife sitiyenera kuchita kuphunzitsidwa. Agogo anga anakalambira muno ali ndi chitupa cholembedwa kuti "alien", ndipo dzina lawo silinali m'kaundula wa ovota. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndi amene anatsegula khomo kwa ambiri obadwira muno kwa makolo ochokera m'maiko a SADC, ndipo malamulo omwewo anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Ndiye mukamva kuti "anthu ochuluka chotere anavota", kumbukirani kuti pali ena amene sanalowe n'komwe m'masamuwo.

Zimene muyenera kukhala nazo

- Kompyuta yokhala ndi Excel, kapena LibreOffice Calc yomwe ndi yaulere.
- Pulogalamu ya jamovi kapena PSPP. Zonse ndi zowerengera ziwerengero, ndi zaulere, ndipo zimatsegula mafayilo a SPSS, pulogalamu yogula ya ntchito yomweyi. Wodziwa R, pulogalamu ina ya ziwerengero, agwiritse ntchito R.
- Bandulo ya intaneti yokwanira kutsitsa mafayilo kamodzi. Fayilo yonse ya V-Dem, umodzi mwa miyeso ya demokalase, ndi yaikulu, choncho itsitseni pamene pali Wi-Fi.
- Fulashi yosungirapo kope lachiwiri. Magetsi a muno tikuwadziwa.
- Kabuku ka pepala ndi cholembera, kolembamo chilichonse chimene mwasintha m'deta ndi tsiku lake.
- Mnzanu mmodzi amene sagwirizana nanu pa zandale, woti adzawerenge zotsatira.

1. Chepetsani funso mpaka liyankhike ndi nambala

"Kodi ku Zimbabwe kuli demokalase?" ndi funso la pamaliro usiku, anthu akuwotha moto. Deta siingaliyankhe. Funso la kafukufuku limatchula anthu, chinthu choyezedwa ndi nthawi. Mwachitsanzo: kodi achinyamata a zaka 18 mpaka 35 okhala m'tauni amakhulupirira bungwe loyendetsa zisankho mofanana ndi anzawo a kumudzi, ndipo kodi zimenezi zasintha pakati pa kafukufuku uyu ndi wapitayo?

Lembani m'kabuku kaja yankho limene mukuganizira musanatsegule fayilo iliyonse. Lembaninso zotsatira zimene zingakuchititseni kuvomereza kuti munalakwa. Ngati palibe zotsatira zotere, ndiye kuti mwagamula kale mlandu, ndipo deta mukuifunira umboni chabe.

Chenjezo: musasinthe funso mutaona manambala kuti lifanane ndi zimene zatuluka. Mukasintha, nenani m'pepala kuti mwasintha.

2. Sankhani muyeso, ndipo dziwani amene anaupanga

Demokalase siili ngati thumba la chimanga loti muliike pasikelo. Aliyense amene amaiyeza anayamba wasankha tanthauzo lake, ndipo inu mukatenga nambala yake mwatenganso tanthauzolo.

V-Dem, ya ku University of Gothenburg ku Sweden, imafunsa akatswiri angapo pa dziko lililonse n'kuphatikiza mayankho awo kukhala nambala ya pakati pa 0 ndi 1. Muyeso wa demokalase ya zisankho umalembedwa v2x_polyarchy m'fayilo. Freedom House ya ku America imapereka mapointi kufika 100: 40 a ufulu wa zandale ndi 60 a ufulu wachibadwidwe wa nzika. Polity imayambira pa -10 kufika +10 ndipo imayang'ana kwambiri mmene maudindo a boma anakonzedwera. Itatu yonseyi ndi maganizo a akatswiri oikidwa m'manambala.

Afrobarometer ndi yosiyana. Inayamba mu 1999, Malawi ndi Zimbabwe ali m'gulu la maiko oyambirira, ndipo imafunsa anthu wamba maso ndi maso. Muno imagwira ntchito ndi Mass Public Opinion Institute ya mu Harare, pamene ku Malawi imagwira ndi Centre for Social Research ya ku Zomba. Kenako pali zotsatira za zisankho zochokera ku ZEC ndi MEC, mabungwe oyendetsa zisankho ku Zimbabwe ndi ku Malawi, ndi kalembera wa anthu wochokera ku ZIMSTAT ndi NSO, maofesi a ziwerengero a maiko awiriwa.

Ngati funso lanu ndi la mmene dziko lasinthira pa zaka makumi angapo, yambani ndi V-Dem. Ngati ndi la zimene anthu akuganiza, pitani ku Afrobarometer. Ine ndimalimbikitsa ophunzira oyamba kumene kutenga Afrobarometer, chifukwa mzere uliwonse m'fayilo ndi munthu weniweni amene anafunsidwa pakhomo pake, ndipo zimenezi zimakuthandizani kusaiwala chimene mukuwerenga.

Chenjezo: 0.5 ya V-Dem si yofanana ndi 50 ya Freedom House. Musaziike pa tchati chimodzi ngati kuti zikuyeza ndi ndodo imodzi.

3. Tsitsani deta pamodzi ndi buku lake lofotokozera

Fayilo iliyonse ili ndi buku lomwe amalitcha codebook, lofotokoza funso lililonse ndi tanthauzo la nambala iliyonse. Tsitsani zonse ziwiri, komanso pepala lenileni la mafunso. Werengani funso lanu monga mmene linafunsidwira. Funso lotchuka la Afrobarometer pa demokalase limapatsa munthu ziganizo zitatu kuti asankhepo: kuti demokalase ndi yabwino kuposa ulamuliro wina uliwonse, kuti nthawi zina boma losakhala la demokalase lingakhale bwino, kapena kuti kwa munthu ngati iye zilibe kanthu. Limeneli ndi losiyana ndi funso lakuti ndi wokhutira bwanji ndi mmene demokalase ikuyendera m'dziko lake. Munthu angathe kuikonda demokalase koma osakhutira nayo, ndipo ambiri ali choncho.

Lembani m'kabuku nambala ya kafukufuku ndi chaka chake. V-Dem imatulutsa fayilo yatsopano chaka ndi chaka, ndipo manambala a zaka zakale amatha kusinthako pang'ono. Nambala za mafunso a Afrobarometer nazo zimasuntha, moti Q30, ndiye kuti funso la nambala 30, ya ulendo uno ikhoza kukhala funso lina ulendo wapitawo.

4. Tsukani deta musanawerengere kanthu

Apa ndi pamene amagwera ambiri, ndiye tidekhe.

Sungani fayilo yoyamba osaikhudza, ndipo gwirani ntchito pa kope. Tsegulani funso lanu muone manambala onse amene alimo. Mu Afrobarometer, funso la kukhulupirira bungwe limakhala ndi mayankho kuyambira 0, kusakhulupirira n'komwe, kufika 3, kukhulupirira kwambiri. Koma mupezamonso 8, 9 kapena -1. Amenewa si mayankho apamwamba ayi. Ndi zizindikiro zakuti munthu anakana kuyankha, sakudziwa, kapena yankho linasowa. Mukapeza avereji musanawachotse, aliyense amene anati "sindikudziwa" awerengedwa ngati wokhulupirira katatu kuposa wokhulupirira kwambiri. Mtsikana wina anabwera kwa ine ndi avereji ya 3.4 pa funso limene malire ake ndi 3, ataigwiritsa kale ntchito m'mitu iwiri ya pepala lake. Tinakhala Loweruka lonse kubwereza.

Komabe musangowataya anthu amenewa mwakachetechete. Awerengeni, ndipo lembani kuchuluka kwawo. Pa mafunso a zandale, kukana kuyankha nakonso ndi nkhani.

Kenako yatsani kulemera kwa mayankho. M'fayilo ya Afrobarometer muli danga la dzina loyamba ndi withinwt. Limakonza kusiyana kumene kumabwera ngati chigawo china chinafunsidwa mopitirira kapena mochepera gawo lake la anthu m'dziko. Mu jamovi ndi PSPP muli poliyatsira. Mukaiwala, maperesenti anu sadzafanana ndi amene Afrobarometer inasindikiza, ndipo kufananitsa kumeneko ndiyo njira yachidule yodziwira ngati mwatsuka bwino.

5. Yang'anani nambala ya pansi

Peresenti iliyonse ndi nambala ya pamwamba yogawidwa ndi ya pansi. Anthu amakangana za ya pamwamba, koma bodza limabisala pansi.

Tiyerekeze, pongophunzira, kuti dera lina lili ndi akuluakulu 1,000. Olembetsa ndi 600, ndipo amene anavota ndi 480. Mukagawa ndi olembetsa, 80 pa 100 alionse anavota, ndipo mudzalemba kuti anthu a kumeneko amakonda zisankho. Mukagawa ndi akuluakulu onse, ndi 48 okha. Manambala onse awiri ndi oona, koma akuyankha mafunso osiyana. Anthu 400 osalembetsawo ndi ndani? Ena sanafune, ena anasamuka, ena alibe zitupa. M'madera ngati Epworth, m'mafamu ndi m'migodi yakale, mmene muli mabanja ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, funso la zitupa si laling'ono. Choncho werengerani zonse ziwiri. Chiwerengero cha akuluakulu chitengeni ku kalembera: wa Zimbabwe wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 15.2 miliyoni, wa Malawi wa 2018 anapeza pafupifupi 17.6 miliyoni, ndipo malipoti ake amagawa anthu potengera zaka ndi maboma.

Dziwaninso kuti Afrobarometer imafunsa nzika zokha za zaka 18 kupita m'mwamba. Munthu amene si nzika salowa m'sampulo, gulu la anthu osankhidwa kuti afunsidwe, ngakhale atakhala ku Dzivarasekwa zaka makumi asanu. Ngati kafukufuku wanu akukhudza anthu otere, nenani poyera kuti deta imeneyi siikuwafikira.

Pangani tebulo losavuta poyamba: mayankho onse, chiwerengero cha anthu pa lililonse, ndi peresenti. Mu Excel gwiritsani ntchito PivotTable. Musalembe peresenti popanda chiwerengero cha anthu pambali pake.

6. Werengerani mpata wa kulakwitsa

Mayi akafuna kudziwa ngati mchere wakolera samwa mphika wonse. Amatakasa, n'kulawa supuni imodzi. Sampulo imagwira ntchito chimodzimodzi, ndipo chinsinsi chili pa kutakasako: munthu aliyense akhale ndi mwayi wosankhidwa. N'chifukwa chake anthu 1,200 osankhidwa mwamaere amanena zoona za dziko kuposa anthu 50,000 oyankha pa Facebook.

Komabe supuni ikhoza kuphonya pang'ono. Njira yachidule yodziwira mpatawo ndi iyi: lembani =1/SQRT(1200) mu Excel. Mupeza pafupifupi 0.03, kutanthauza mapointi 3 kumwamba kapena kumunsi. Pa anthu 2,400 ndi mapointi 2, pa 400 ndi 5, pa 100 ndi 10.

Tsono taonani chimene chimachitika mukafuna kulemba za Harare yekha. Chigawo cha Harare chili ndi anthu pafupifupi 16 pa 100 alionse a m'dziko muno. M'sampulo ya 1,200 mukhala anthu osapitirira kwenikweni 200 a muno, ndipo mpata wakwera kufika mapointi 7. Mukawagawanso amuna ndi akazi, mwafika pa 10. Mukafuna olankhula Chichewa okha, mutsala ndi anthu owerengeka pa zala, ndipo pamenepo musalembe peresenti konse. Ndikudziwa kuti zimawawa, chifukwa ambiri mwa inu mumafuna kulemba za anthu athu. Njira yake ndi kukacheza nawo nokha mozama, ndi chilolezo cha kusukulu kwanu, n'kulemba mawu awo ngati mawu, osawasandutsa ziwerengero za dziko lonse.

Poyerekeza kafukufuku awiri a anthu 1,200 aliyense, kusiyana kochepera mapointi 4 musakutche kusintha. Ndipo popeza Afrobarometer imafunsa anthu asanu ndi atatu pamalo amodzi, amene kawirikawiri amaganiza mofanana, mpata weniweni umakhala wokulirapo kuposa wa njira yachiduleyi. V-Dem nayo imapereka malire a pansi ndi a pamwamba pa nambala iliyonse, m'madanga othera ndi codelow ndi codehigh. Aikeni pa tchati.

7. Yerekezani zinthu zofanana

Pa chisankho cha Marichi 2008 ku Zimbabwe, zotsatira zolengezedwa zinapatsa Morgan Tsvangirai 47.9 peresenti ndi Robert Mugabe 43.2, ndipo popeza panalibe wopitirira theka, kunakhala chisankho chachibwereza. Mu Meyi 2019 ku Malawi, Peter Mutharika analengezedwa wopambana ndi 38.57 peresenti, Lazarus Chakwera ali ndi 35.41 ndi Saulos Chilima 20.24. Nambala yaikulu sinapambanitse munthu kuno, yaing'ono inapambanitsa kwathu, chifukwa malamulo anali osiyana. Pa 3 Febuluwale 2020 khothi linathetsa chisankhocho n'kunena kuti wopambana ayenera kupitirira theka, ndipo pa 23 Juni 2020 Chakwera anapambana ndi mavoti opitirira 58 peresenti, zipani zitapanga migwirizano. Wolemba kuti "otsatira Chakwera anachuluka ndi mapointi 23 pa chaka chimodzi" waiwala kuti Chilima sanaimenso payekha. M'tebulo lanu ikani danga la lamulo limene linagwira ntchito pa chisankho chilichonse.

Malire a madera nawo amasuntha. Zimbabwe ili ndi madera a aphungu 210, koma malire ake anadulidwanso chisankho cha 2023 chisanachitike, moti dera la dzina lomwelo silikhala ndi anthu omwewo. Ku Malawi madera anachoka pa 193 kufika 229. Ngati mungapeze zotsatira za pa malo ovotera, zimene muno zimalembedwa pa fomu ya V11, yerekezani pamenepo. Ngati simungathe, kwerani pa chigawo.

Samalaninso mawu. Emmerson Mnangagwa analengezedwa ndi 50.8 peresenti mu 2018 ndi 52.6 mu 2023. Kumeneko ndi kukwera kwa mapointi 1.8, osati kwa 1.8 peresenti.

8. Zinthu ziwiri zikayendera limodzi, funani chachitatu

Tinene kuti tebulo lanu laonetsa kuti amene amamva nkhani pa intaneti sakhulupirira kwambiri bungwe la zisankho. Musanalembe kuti intaneti imaononga chikhulupiriro, ganizani kuti ndani ali ndi intaneti. Ambiri ndi a m'tauni, achinyamata, ophunzira. Mwina chimene mukuona ndi tauni, intanetiyo yangoperekeza.

Yesani motere. Gawani fayilo pawiri, a m'tauni ndi a kumudzi, n'kubwereza tebulo pa gulu lililonse. Kusiyana kuja kukazimiririka, mwapeza chachitatu. Kukatsala, onjezani zaka ndi maphunziro. Zinthu zikachuluka, gwiritsani ntchito regression, yomwe imachita kugawa komweku pa zinthu zingapo nthawi imodzi. Ngati yankho ndi "inde" kapena "ayi", sankhani logistic regression mu jamovi. Lowetsani zinthu zinayi kapena zisanu zimene mungathe kufotokoza chifukwa chake, osati chilichonse chopezeka m'fayilo.

Za p-value, nambala imene pulogalamu imatulutsa pokuthandizani kuona ngati zotsatira zikanatha kubwera mwangozi, ndinene izi zokha. Malire otchuka a 0.05 amatanthauza kuti mukayesa zinthu 20 zosagwirizana n'komwe, chimodzi chikhoza kudutsa mwangozi. Amene amayesa mafunso makumi angapo n'kulemba atatu amene "anatuluka" akudzinamiza. Komanso p-value siinena kukula kwa kusiyana. Lembani mapointi enieni.

Ngakhale mutachita zonsezi, kafukufuku wa nthawi imodzi saonetsa chimene chinayamba. Mwina osakhulupirira ndi amene amathawira ku intaneti kukafuna nkhani zina. Lembani kuti "zikuyendera limodzi", osati "zimachititsa".

9. Yezani mantha a oyankha

Mlendo wonyamula tabuleti akafika pakhomo n'kufunsa chipani chimene mungavotere, si aliyense amene amanena za kumtima. Afrobarometer imalidziwa vutoli. Kumapeto imafunsa munthu kuti akuganiza kuti ofunsawo anatumidwa ndi ndani, ndipo ilinso ndi funso la mmene anthu amasamalira polankhula zandale. Gawani mayankho anu pakati pa amene anaganiza kuti ndi boma ndi amene sanaganize choncho. Ngati magulu awiriwa akusiyana kwambiri pa kutamanda olamulira, lembani zimenezo pansi pa tebulo. Sitepe imeneyi imatenga mphindi khumi, ndipo ophunzira ochepa kwambiri ndi amene amaichita.

10. Lembani moti wina athe kubwereza

Pansi pa tebulo lililonse ikani kumene deta inachokera, chaka, mawu a funso, chiwerengero cha anthu ndi mpata wa kulakwitsa. Tchati cha mipiringidzo chiyambire pa 0. Kenako perekani pepala ndi kabuku kaja kwa mnzanu uja wosiyana nanu maganizo, ayese kupeza manambala omwewo pa kompyuta yake.

Zolakwika zimene ndimaziona kawirikawiri

Choyamba, ndipo chimandipweteka kwambiri, ndi kutenga zotsatira za dera n'kuziika pa munthu. Dera likakhala ndi mabanja ambiri ochokera ku Malawi n'kuvotera chipani china, sizitanthauza kuti mabanjawo ndi amene anachivotera. Mwina ambiri a iwo sanavote n'komwe. Mavoti ndi achinsinsi, ndipo tebulo la madera silingakuuzeni zimene munthu anachonga. Chiganizo chotere chikasindikizidwa chimatha kuika anthu osalakwa m'mavuto.

Chachiwiri ndi kugawa mafunso pa gulu la WhatsApp la kumpingo kapena la chithandizo cha maliro, n'kulemba kuti "anthu a ku Harare akuti". Amenewo ndi anzanu okhala ndi foni ndi bandulo, amene anafuna kuyankha. Atcheni choncho.

Ena amasankha chaka choyambira chowakomera. Tchati cha Malawi choyambira 1993, chaka cha riferendamu ya zipani zambiri, chimaoneka chokwera kwambiri. Choyambira 1995 chimanena nkhani ina. Onetsani zaka zonse zimene zilipo, ndipo ngati mwadula fotokozani chifukwa.

Pali kudalira avereji pamene anthu agawikana pawiri. Theka likati silikhulupirira n'komwe, theka lina likati limakhulupirira kwambiri, avereji igwera pakati pomwe palibe munthu. Onetsani mayankho onse.

Pomaliza pali kusunga maina. Ngati mwafunsa anthu nokha, musalembe dzina, nambala ya foni kapena nambala ya nyumba m'fayilo yomwe muli mayankho a zandale. Patsani aliyense nambala, mndandanda wa maina usungidwe kwina kokhoma, ndipo pepala likalandiridwa muuwotche. M'malo aang'ono ngati mzere umodzi wa nyumba ku Mbare, ngakhale kulemba kuti "mayi wamasiye wa zaka 67 wogulitsa tomato" kwamuulula kale, choncho zaka ziikeni m'magulu ndipo ntchito itchuleni mwachisawawa.